Mawu Asanu a Lolemba ndi Fupa la pa Chingwe

Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi pamene ndinachoka ku Balaka kukakhala ndi azakhali anga ku Nsanama. Mayeso a Folomu 4 ndinakhoza ndithu, koma osati mofika potengedwa ku koleji, ndipo kunyumba anali atatopa kundiona ndikungosuntha mpando kutsatira mthunzi. Azakhali ankagulitsa nsalu pamsika. Ndi iwo amene anamva kuti sukulu ina yapulaiveti, yomwe inali itangotsegulidwa kuseri kwa magolosale, ikufuna mphunzitsi wa Chingerezi.

Nyumba ya sukuluyo kale ankasungiramo nandolo ndi chimanga, ndipo fungo la mankhwala a anankafumbwe linali lisanachokemo. Mwini wake anaigawa zipinda zitatu ndi timakoma ta zidina tolekezera m'mapewa, moti ukafunsa funso kuno, ana a chipinda chinacho ankayankha nawo. Mwini wakeyo ankafuna kuti tiziwatchula kuti aDayirekita. Anali bambo ojintcha, ovala tayi ngakhale kutenthe bwanji. Thukuta likatsika ankalikokolola pamphumi ndi chala n'kuliwaza pansi, osayang'ana kuti pakhala ndani. Ankakonda kanyenya wa pamsika, ndipo akatha kudya ankapukutira zala pa dasitala, nthawi zina pa kope la mwana amene wakhala pafupi.

Tsiku londiyesa ntchito sanayang'ane n'komwe satifiketi yanga. Anangoti, “Tchulani mawu asanu a Chingerezi, a zilembo zisanuzisanu, othera mofanana.”

Ndinaganiza pang'ono n'kuti, “Night, light, right, fight, sight.”

“Mwayamba Lolemba, madamu,” anatero.

Pambuyo pake ndinamvetsa chifukwa chake anandifunsa zimenezo. Pa foni yawo anali atapeza malo ena olembedwapo mindandanda ya mawu a Chingerezi ofanana kutalika komanso ogawana zilembo, ndipo anatsimikiza mumtima kuti chinsinsi chonse cha chiyankhulocho chagona pamenepo. Ankati Chingerezi chili ngati nandolo, ukasankha wofanana kukula n'kumuika pamodzi sachedwa kupsa. Choncho Lolemba lililonse ankandipatsa kapepala ka mawu asanu, ine n'kuwalemba pabolodi, tanthauzo lake la Chichewa pambali. Ana a Sitandade 6 ankawaimba sabata yonse mpaka mawu kusasa. Makolo odutsa panjira popita kumsika ankamva Chingerezi chikutuluka pamawindo, n'kumagwedeza mutu mokhutira.

Masabata ena zinkayenda. Taste, waste, paste, haste, ana anagwira msanga, kupatula baste amene ngakhale ine ndinachita kufunsa. Koma sabata ya fresh, flesh, flash, flush ndi flask inandisautsa. Pakamwa pa ana athu mawu anayi oyambawo ankatuluka ngati amodzi. Nditafika pa flush ndinayenera kufotokoza za chimbudzi chamadzi, chimene umangokoka chingwe kapena kudina, zonse n'kupita. Ana anandiyang'ana, kenako anayang'ana pawindo. Panja pomwepo panali chimbudzi cha sukulu, dzenje lotchingidwa ndi masaka ong'ambika, pansi pake ponyowa nthawi zonse, ntchentche zobiriwira zikulira ngati muli maliro awo. Mphepo ikachokera kumeneko tinkaphunzira titatseka mphuno ndi makolala.

Koma chimene chinkandinyansa koposa chinali m'kalasi momwemo, pa msomali wa pafupi ndi bolodi.

Lamulo la sukulu linali lakuti mwana akalowa pageti asayankhule Chichewa kapena Chiyawo. Matanthauzo a pabolodi okha ndi amene ankaloledwa kutchulidwa m'Chichewa, poimba basi. Wogwidwa akuyankhula chiyankhulo cha kwawo ankavekedwa fupa m'khosi. Fupalo linali lalitali ngati chikhatho cha munthu wamkulu, lachikasu chodera, ndipo kunsonga kwake kunali kotsalira timinofu touma takuda. Analiboola ndi msomali n'kulowetsamo chingwe cha nsanza ya chitenje, chopota, chokhala ndi mfundo zingapo. Chitenjecho sindikudziwa kuti poyamba chinali cha mtundu wanji, chifukwa ine ndinachipeza chitada bii ndi thukuta la makosi ambiri, cholimba ngati chikopa. Kukatentha fupalo linkatulutsa kafungo ka chinthu chakufa kalekale, ndipo ntchentche zinkatsatira mwana wolivala kulikonse.

Wovala fupa ankalivula pokhapokha akagwira mnzake akuyankhula Chichewa kapena Chiyawo. Amene belu loweruka lamupeza nalo ankatsuka chimbudzi chija, ndipo m'mawa mwake ankayamba nalonso, kupatula Lolemba pamene fupalo linkayambira pa msomali. Ana anasanduka akazitape. Wina ankatsina mnzake mwadala kuti akuwe kuti “Mayo!” kenako n'kuthamangira kwa ine, fupa lili m'manja. Ntchito yovula ndi kuveka inali yanga. Ndinkagwira chingwecho ndi zala ziwiri, mpweya nditaugwira, ndikatero n'kupukuta zalazo ndi fumbi la choko.

Tsiku lina ndinawafunsa aDayirekita kuti fupalo ndi la chiyani.

“La mbuzi,” anatero akutokosa m'mano.

“Bwanji osaliphika kaye kapena kulichapa?”

“Madamu, likamanunkha m'pamene likugwira ntchito. Mukufuna ana azilikonda?”

Ndinaseka nawo. Ndimakumbukira bwinobwino kuti ndinaseka.

M'kalasi mwanga munali mtsikana wina wa zaka ngati khumi ndi ziwiri, mwana wa atelala amene makina awo ankakhala pakhonde la golosale, moyang'anana ndi benchi ya azakhali. Banja lawo linali la Chisilamu, ndipo iye ankabwera atafunda mpango woyera, wochapa bwino, wosita. Chiyambire temu anali asanavalepo fupa, chifukwa akasowa liwu la Chingerezi ankangokhala chete. Anali ndi kadikishonale kopanda chikuto kamene anamusiyira mchimwene wake wophunzira ku Liwonde, ndipo pa buleki anzake akamadumpha chingwe iye ankakhala pa njerwa n'kumakatsegula.

Kutatsala masabata awiri kuti makolo abwere kudzaona zimene ana akuphunzira, aDayirekita ananena kuti mawu a sabata imeneyo aphunzitsa okha, ine ndionere. Analowa Lolemba m'mawa n'kulemba pabolodi ndi zilembo zikuluzikulu: house, mouse, louse, douse, rouse. Pa house analemba kuti nyumba. Pa mouse analemba kuti mbewa. Atafika pa lachitatu anaima, n'kutulutsa foni. Anaidina, anaigwedeza, koma inali itazima, moto utatha. Anaibweza m'thumba ngati palibe chachitika.

Polongosola matanthauzo iwo ankadzilola kuyankhula Chichewa. “Tamverani,” anatero. “Mawu apachibale amakhalanso ndi matanthauzo apachibale. Mbewa imakhala kuti? M'nyumba. N'chifukwa chake house ndi mouse akufanana. Ndiye enawa ndi mitundu ya nyumba.”

Pa louse analemba kuti kanyumba kakang'ono, ngati ka kumunda. Pa douse analemba kuti nyumba ya zitseko ziwiri, chifukwa d akuimira door. Pa rouse analemba kuti nyumba ya malata, chifukwa r akuimira roof.

Ine ndinali nditaima pawindo. Douse sindinkamudziwa, rouse ndinkangomukayikira, koma louse ndinkamudziwa bwino lomwe. Tinamuphunzira ku sekondale pa sayansi, ndipo ndinajambulapo chithunzi chake, miyendo isanu ndi umodzi. Ndinayang'ana msana wa aDayirekita, shati itamatirira ndi thukuta, ndinayang'ana bolodi, n'kutseka pakamwa panga.

Ana anayamba kuimba. “Louse, kanyumba kakang'ono! Louse, kanyumba kakang'ono!” Kenako anauzidwa kupanga ziganizo. Wina anaimirira n'kuti, “My grandmother sleeps in a louse.” ADayirekita anati aomberedwe m'manja. Wina anati, “My father is building a louse in the garden.” Manja enanso.

Apo m'pamene mwana wa atelala anakweza dzanja. Kadikishonale kanali kotsegula pamiyendo pake.

“Sir, louse is not a house,” anatero motsitsa mawu. “Louse is a small... it is a small...” Anasakasaka liwu, chala chili pa tsamba, koma mawu ofotokozera a m'bukumo anali ovuta kuposa liwu lenilenilo. Mapeto ake anangoti, “Ndi nsabwe, sala.”

Kalasi yonse inaphulika. Amene anati agogo ake amagona mu louse anaseka mpaka kugwa pa benchi. Ana a zipinda zinazo anasuzumira pamwamba pa timakoma. Nkhope ya aDayirekita inachita kutupa.

“What language is that?” anakuwa. Kenako anatembenukira kwa ine. “Madam, the bone.”

Ndinapita pa msomali. Ndinatenga chingwe chija ndi zala ziwiri n'kupita pamene anakhala mtsikanayo. Ndinafuna kungochikoleka pamwamba pa mpango, koma aDayirekita anati iyayi, chifike pakhosi penipeni ngati mmene amavalira anzake. Ndinakweza m'mphepete mwa mpango woyera uja n'kulowetsa chingwe chakudacho pakhungu. Nditawerama choncho, nkhope zathu zitayandikana, iye ananong'ona kuti, “Madamu, inu mukudziwa.”

Ndinayankha kuti, “Speak English.”

Masana a tsiku limenelo ndinamuona pawindo atanyamula ndowa ndi tsache kupita ku masaka aja, fupa likugunda pachifuwa. Nditafika kunyumba azakhali anandipatsa mbatata yootcha, koma zala zanga zinkandinunkhira, ndipo ndinasamba m'manja katatu ndi sopo wochapira. Fungolo silinali m'zala.

Lachiwiri m'mawa ndinapeza kadikishonale kaja patebulo panga. Munali timaudzu titatu tosonyeza masamba. Ndinatsegula pa kaudzu koyamba: louse, kachilombo koyamwa magazi kokhala m'tsitsi ndi m'zovala. Pa kachiwiri: douse, kukhuthulira madzi pa chinthu, monga pozimitsa moto. Pa kachitatu: rouse, kudzutsa munthu amene wagona. Panalibe nyumba ngakhale imodzi. Ndinachotsa timaudzuto, ndinatseka bukulo, ndinakaliika pa benchi ya mtsikana uja. Kenako ndinatenga ndodo yolozera n'kuyambitsa nyimbo ya pabolodi. “Rouse, nyumba ya malata!” Ndinaimbitsa ana makumi atatu bodza limenelo, mawu anga ali pamwamba pa onse.

Mtsikanayo akanatha kulichotsa fupalo tsiku lomwelo. Anzake ankanong'onezana Chiyawo pafupi naye, ena mwadala pomumvera chisoni, kuti awagwire. Iye sananene aliyense. Lachiwiri anaweruka nalo, Lachitatu chimodzimodzi. Pofika Lachinayi ankangolowetsa dzanja kunsi kwa mpango n'kumakanda m'khosi, ndipo pamene ndinkamuvula chingwe poweruka ndinaona mzere wa totupa tofiira kuzungulira khosi lonse, tina tokandika mpaka kutuluka madzi. Ana ambiri m'kalasimo ankakanda chiyambire temu. Ndinkangoti ndi kutentha.

Lachisanu m'mawa, tisanayambe n'komwe, atelala anafika pasukulu, tepi yoyezera ili m'khosi, kofia ili kumutu. Anali bambo ochepa thupi, oyankhula mofatsa. Mwana wawo anali pambuyo pawo. Anandipatsa moni wonse bwinobwino, anafunsa za azakhali, kenako anati, “Madamu, ndimati ndione nawo chimene mwanayu wakhala akuvala.”

Ndinawalozera pa msomali. Sanaligwire. Anatola kamtengo panja, analikola n'kuligwetsera mu jumbo imene anatulutsa m'thumba.

ADayirekita anatulukira akupuma mwamphamvu n'kuyamba kuwayankhula m'Chingerezi, za malamulo a sukulu, za kulowa popanda chilolezo. Atelala anadikira mpaka atamaliza.

“Bwana, ine Chingerezi sindimva,” anatero. “N'chifukwa chake ndinakupatsani mwana. Tandiuzani m'Chichewa, fupali ndi la chiyani?”

“La mbuzi.”

“Anazinga ndani mbuziyo?”

ADayirekita anati zimenezo sizikukhudzana ndi maphunziro.

“Chabwino,” anatero atelala. “Tikafunse eni ake a mbuzi. Madamu, mwanayu akuti munamuveka ndinu. Tiyeni limodzi.”

Tinayenda kupita kumsika, atelala patsogolo jumbo ili patali ndi thupi, ine pambuyo, aDayirekita akutitsatira chapatali uku akutukwana chamumtima. Kumapeto kwa msika kunali shedi ya nyama, ndipo wogulitsa wamkulu anali bambo okalamba a ndevu zoyera amene ankazinga mbuzi za pamsikapo kuyambira kalekale. Atelala anawapatsa salamu, anayankhulana pang'ono m'Chiyawo, kenako anakhuthulira fupalo pansi, kutali ndi tebulo la nyama.

Bambo okalambawo ananjuta. Analitembenuza ndi kamtengo, anayang'ana kunsonga kuno, anayang'ana kunsonga uko. Sanachedwe.

“Ine mbuzi ndasenda zosawerengeka,” anatero m'Chichewa kuti tonse timve. “Ili si la mbuzi. Si la nkhosanso. Ili ndi la mwendo wa galu.”

Anthu anali atayamba kale kusonkhana. Mayi wina wogulitsa tomato anaomba m'manja kamodzi n'kuti, “Galu uja!” Ndipo aliyense anakumbukira. Miyezi ingapo m'mbuyomo galimoto inagunda galu pamsewu wa ku Liwonde, pafupi ndi kamlatho, ndipo anawolera mu ngalande momwemo, anthu akudutsa atagwira mphuno. Anamufunsa mwini sukulu pamaso pa onse kuti fupa analitenga kuti. Anayamba ndi kunena kuti anapatsidwa, kenako anati anatola, ndipo atapanikizidwa anati anatola cha kukamlatho, koma iye ankaona ngati la mbuzi.

Bambo a ndevu zoyera aja sanathere pomwepo. Anapanikiza chingwe ndi phazi n'kumasula mfundo imodzi ndi kamtengo kaja. M'kati mwa mfundoyo, m'mapindo a nsanza, munali nsabwe. Zinali zonenepa, zotuwa, zikuyenda mwaulesi pothawa dzuwa, ndipo m'mbali mwa ulusi munali mzere wa mazira ake oyera. Anamasula mfundo yachiwiri. Munalinso zomwezo.

Ndinathamangira kuseri kwa shedi n'kusanza tiyi yense wa m'mawa. Ndinasanza mpaka kutuluka zowawa zokhazokha. Ndili chiweramire choncho ndinkaona zala zanga ziwiri zija, ndi makosi onse amene ndinakolekamo chingwecho kuyambira temu itayamba. Ndinayesa kuwawerenga koma ndinalephera, chifukwa pafupifupi mwana aliyense anavalapo.

Nditabwerera ndinapeza phokoso lakula. Kwa Asilamu chinthu chakufa chokha, makamaka galu, ndi najisi, chodetsa chimene munthu sangapite nacho kokaswali ku mzikiti asanadziyeretse, ndipo tsikulo linali Lachisanu, tsiku lawo la mapemphero. Koma sanali Asilamu okha okalipa. Bambo wina wa ku Katolika, amene mapasa ake anali m'kalasi mwanga, anachita kugwidwa ndi anthu awiri kuti asamenye munthu. ADayirekita tayi inali itapotokera kumbali. Atandiona anandiloza.

“Funsani madamu awa! Ine fupa sindiveka mwana. Amaveka ndi iwowa, tsiku ndi tsiku!”

Maso onse anabwera kwa ine. Ndinafuna kunena kuti ndinkangotumidwa, koma pakamwa panali powawa ndi masanzi, ndipo zimene ananenazo zinali zoona. Azakhali anali atasiya benchi yawo n'kuima kumbuyo kwa gulu. Anadutsa pakati pa anthu, anandigwira pamkono mwamphamvu ngati kamwana, n'kunditulutsa.

Panjira sanandikalipire. Anangofunsa kuti, “Unkaligwira ndi manja akowa?”

“Eya.”

“N'kumabwera kudzadya nane mbale imodzi?”

Titafika kunyumba anatereka madzi mu ndowa yachitsulo, anandiuza kuti ndivule zonse, ndipo zovala zanga za kusukulu anaziviika m'madzi owira pozikankha ndi mtengo.

Loweruka masana anati tipite kwa atelala. Ndinati ndikudwala mutu. Anati mutuwo upita nawo.

Nyumba yawo inali kuseri kwa mzikiti, ya njerwa zootcha, bwalo losesedwa bwino. Pachingwe panali mipango yoyera itatu ndi yunifolomu, zonse zikudontha. Mtsikana uja anali atakhala pa mtondo wogoneka, mutu uli pa maondo a mayi ake, ndipo mayiwo ankamumeta ndi lezala. Tsitsi lake, limene ine ndinali ndisanalionepo chifukwa cha mpango, linali lalitali, ndipo linali mulu pansi pa nyuzipepala. M'khosi anali atamupaka mankhwala a buluu.

Mayiwo anatiyalira mkeka, anayankha moni wa azakhali, n'kupitiriza kumeta. Atelala anatuluka m'nyumba n'kukhala pa kampando. Azakhali anayankhula nthawi yaitali, kuti ine ndine mwana wa mchimwene wawo, kuti ndine wamng'ono, kuti ntchito inali yoyamba, kuti tabwera kudzagwira mwendo. Kenako anandigunda ndi chigongono. Ndinagwada n'kunena kuti pepani, ndinalakwa.

Atelala anapinda tepi yawo n'kuitambasulanso.

“Za galu simunkadziwa, zimenezo ndavomera,” anatero. “Ine funso langa ndi lina. Liwu limene mwanayu anatsutsa lija, analondola kapena analakwa?”

“Analondola.”

“Ndi nsabwe ndithu?”

“Ndi nsabwe.”

“Inu munadziwa liti? Pamene anakuonetsani buku?”

Ndikanatha kuvomera pamenepo, ndipo zikanapepukako. Koma mtsikanayo anali atatembenuza mutu pa maondo a mayi ake, diso limodzi lili pa ine.

“Iyayi,” ndinatero. “Ndinkadziwa kale, asanakweze n'komwe dzanja.”

Lezala linaima. Mayiwo anandiyang'ana koyamba chifikire, kuyambira kumutu mpaka kumawondo, mmene munthu amayang'anira chimene waponda m'njira. Ananena mawu ochepa m'Chiyawo kwa amuna awo. Sindinawamve ndipo sindinafunse azakhali pambuyo pake.

“Basi, ndimafuna kumva zimenezo,” anatero atelala. “Pitani bwino. Zikomo kuti mwabwera.”

Mtsikanayo sananene chilichonse kwa ine, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Lolemba ndinapitabe kusukulu, sindikudziwa kuti ndinkayembekeza chiyani. Ana anabwera osakwana theka. ADayirekita anali atavala tayi ina, akuseka ngati Lachisanu kunalibe. Anandipatsa kapepala ka sabata imeneyo: train, brain, drain, grain, stain. Kenako anatulutsa m'chikwama kathabwa kopalidwa bwino, koboola pakati, komangidwa chingwe chatsopano cha nayiloni.

“Ichi ndiye palibe anganene kanthu,” anatero. “N'chaukhondo. Mukoleke pa msomali paja.”

Ndinayang'ana kathabwako, ndinayang'ana zala zawo zonyezimira mafuta a kanyenya wa m'mawa. Ndinalemba mawu asanu aja pabolodi ndi matanthauzo ake oona. Pansi pake ndinalembanso louse, douse ndi rouse, n'kuika nsabwe, kukhuthulira madzi, ndi kudzutsa. Ndinauza ana m'Chichewa kuti afufute za sabata yatha m'makope mwawo chifukwa zinali zabodza. Anandiyang'ana mwamantha, ena akuyang'ana kathabwa kaja, kudikira kuti aone ngati ine ndivekedwe. Ndinaika choko patebulo n'kutuluka. Musaganize kuti kunali kulimba mtima. Anthu onse ofunika kumva anali atachoka kale, ndipo amene anavutika chifukwa cha chete wanga sanalimo m'chipindamo.

Sukuluyo sinatsekedwe. Temu yotsatira inadzazanso ndi ana ochokera cha ku Ngokwe ndi midzi ina ya kutali, amene makolo awo nkhaniyi sanaimve, kapena anaimva n'kuti bola Chingerezi. Anapeza mphunzitsi wina sabata yomweyo. Mwana wa atelala anakalowa sukulu ya boma, kumene kalasi yake inkaphunzirira pansi pa mtengo.

Ine ndinakhala pa benchi ya azakhali, kuyeza ndi kudula nsalu. Makina a atelala anali pomwepo, kungodumpha kanjira. M'mawa uliwonse ndinkawapatsa moni, iwo n'kuyankha bwinobwino, osachotsapo kanthu. Nsalu ya m'kati mwa madiresi ndi ulusi ankagula kwa azakhali kuyambira kale, ndipo sanasiye. Koma akapeza kuti pabenchi ndili ndekha, ankati, “Ndidikira eni ake.” Tsiku lina azakhali anapita kukaona wodwala n'kuchedwa. Atelala anabwera kawiri, kasitomala wawo atakhala pakhonde kudikira diresi la ukwati, ndipo ulendo wachitatu anangoima padzuwa pafupi ndi benchi, manja kumbuyo, nsalu imene ankafuna ili patsogolo panga, sizasi ili m'manja mwanga. Anaima mpaka azakhali anatulukira.

Mvula yoyamba itagwa ndinauza azakhali kuti amayi akufuna wowathandiza kubzala. Sanandikanize. Anandiperekeza pa siteji, anandigulira chinangwa chophika cha panjira, ndipo ndinakwera minibasi ya ku Liwonde, kumene ndinasinthira ya ku Balaka.